Mchenga wa a Wilemu

Elina anapisa mkono pansi pa bedi mpaka paphewa. Anakhudza sutikesi, anakhudza beseni la zovala, anakhudza khoma. Chidebe kunalibe.

"Anena chiyani? Tabwereza," anauza mwana wake Thandizo, amene anali ataima pakhomo foni ili kukhutu.

"Azakhali akuti basi yanyamuka ku Upington, afika mawa m'mawa. Akuti chidebe cha adadi cha mchenga chija tisachigwire. Mchengawo ndi wothira m'manda."

"Nanga ukapanda kupezeka?"

Thandizo anafunsa m'Chibunu, chilankhulo chimene anaphunzira kwa bambo ake. Anamvetsera nthawi yaitali, maso ali pansi, kenako anadula foni.

"Akuti ukapanda kupezeka, thupi anyamula. Agogo anasiya mawu oti mwana wawo sadzagona pa dothi la eni. Kaya mchenga umupeze kuno, kaya iyeyo apite kumene kuli mchengako."

A Wilemu, mwamuna wa Elina, anagwa Lolemba kuntchito ku Marlboro, mu mzinda wa Joni, thumba la shuga lili paphewa, ndipo sanadzukenso. Kwawo kunali ku Kalahari, kuchipululu, kupitirira Upington. Elina kumeneko anali asanapondeko, ndipo sakanapondako. Mapepala ake anatha kalekale. Munthu wotero amayenda kuchokera ku Alexandra kupita ku Sandton kukasita zovala za mabwana, n'kubwerera, basi. Msewu wautali uli ndi apolisi, ndipo apolisi safunsa ngati ukupita kumanda a mwamuna wako. A Wilemu akakagona kuchipululu ndiye kuti Elina wasiyana nawo kawiri.

Anatulutsa mkono uja pang'onopang'ono. Anali atakumbukira.

Dzulo lake a Millicent, mtsogoleri wa amayi a Mvano amene ankaphika pamaliropo, anasuzumira m'chipinda muja kufuna chotsukira mapoto. Mapoto ake anali akuluakulu aja, obwereka kutchalitchi, ndipo pa moto wa matabwa a mapaleti anali atada bii. A Millicent anakoka chidebe cha penti pansi pa bedi, anavundukula, n'kusekerera.

"Mchenga wabwino chonchi ku Joni kuno? Mayi a Thandizo, uwu ndi wachiyani?"

"Tengani. Wandikwana," anayankha Elina, mutu ukuwawa ndi kulira. Sanadzutse ndi nkhope yomwe.

Tsopano anadzuka, anamanga chitenje, natuluka. Amayi amene anakhala pamphasa anamuyang'ana, pakuti namfedwa sayendayenda. Iye sanawaone n'komwe. Anadutsa pakati pa zipinda za malata mpaka pampopi pamene yadi yonse imatunga madzi. Mapoto anali atatsamira khoma, mbee, ngati ogula lero. Chidebe chinali chadodolido, chotsukidwa bwinobwino. M'ngalande munkayenda madzi a sopo, mafupa a nkhuku ndi makoko a kabichi, kutsetserekera ku mtsinje wa Jukskei. Elina anagwada napisa dzanja m'matopemo. Anatulutsa zakuda zonunkha. Kufiira kwa mchenga uja kunalibe.

"Wonse?" anafunsa.

A Millicent anali kumbuyo kwake, akupukuta manja. "Wotsala tinathira pamene panatayika mafuta, kenako atsikana anasesa. Bwanji kodi? Si munatipatsa nokha?"

"Ndinakupatsani ndekha."

"Tachimwa?"

"Mwatsuka mapoto ndi manda a mwamuna wanga."

A Millicent anagwira pakamwa. Elina sanawadikire. Mkwiyo wake sunali pa iwo. Mayi aliyense wa kwa Kachindamoto kapena kwa Nkanda akaona mchenga wosalala ndi poto wakuda amadziwa chochita. Mkwiyo wake unali pa munthu amene anali gone kumochale, pakamwa potseka monga mwa masiku onse. Zaka zonsezi anagona pamwamba pa chidebe chija. Chaka chija anthu ankayenda ndi zikwanje kusaka alendo mu Alexandra, Elina anabisala pansi pa bedi lomwelo, khanda lili kubere, tsaya litagunda chidebecho, a Wilemu ataima pakhomo kuuza chigulu kuti muno mulibe mkwerekwere. Munthu woika moyo wake pakhomo chifukwa cha iwe, koma osakuuza kuti mchenga uwu ndi wachiyani. Akawafunsa ankangoti, "Ndi mchenga basi, mama." Anthu ankawatcha Mkaladi chifukwa cha khungu lawo loyererako, iwo n'kumavomera. Za kwawo, zii.

A Ambrose, mchimwene wake wa Elina, anamva nkhaniyo ataima pafupi ndi tenti. Anali mmisiri womanga nyumba ku Cosmo City, munthu wosachedwa kupeza njira.

"Madzi akatayika saoleka, mlongo," anatero.

"Miyambi ndiithire m'manda?"

"Tandimvera. Unali wofiira eti? Kumene tikumanga kuli mulu wa mchenga wofiira. Ndikasefa ndi neti ya udzudzu, ndikauyanika, ndidzaza chidebe. Watha mlandu."

"Achimwene, mukuti tinamize maliro?"

"Ndikuti alamu agone pamene iwe ungafike ndi tekisi. Ukufuna akagone kumene ngakhale foni sigwira? Ukufuna Thandizo azidzaloza kumadzulo akafunsidwa za manda a bambo ake?"

"Nanga akazindikira? Anthu amenewo mchenga ndi kwawo."

"Akazindikira tidzakhala pomwe tili panopa. Tataya chiyani?"

Elina anayang'ana Thandizo. Mtsikanayo anali atamva zonse.

"Ine musandifunse," anatero Thandizo. "Ine ntchito yanga ndi yomasulira."

Dzuwa lisanalowe chidebe chinabwerera pansi pa bedi, cholemera ngati kale.

A Magrita, mlongo wake wa malemu, anafika m'mawa ndi kachikwama kamodzi ndi bulangete. Elina anawayang'anitsitsa. Anali a Wilemu enieni atavala diresi: msinkhu waufupi womwewo, masaya otukuka omwewo, timaso tating'ono tozunguliridwa ndi makwinya. Anakhala pansi pafupi ndi Elina, anamugwira dzanja, nalira mopanda phokoso. Tiyi anamwa theka. Kenako anayankhula, ndipo Thandizo anakhala pakati pa awiriwo.

"Akufunsa ngati adadi anakuuzani kuti iwo ndi ndani."

"Uwauze kuti mchimwene wawo ankayankhula ndi wailesi kuposa ndi ine."

Thandizo anamasulira. A Magrita anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya, nayamba kufotokoza. Ankanena pang'ono n'kuima, ndipo Thandizo ankatola mawuwo n'kuwaika m'Chichewa.

"Akuti iwo si Makaladi. Limenelo ndi dzina la papepala. Akuti ndi Asan, anthu oyamba m'dziko muno, amene ena amawanyoza kuti Mabushimani. Agogo awo anabadwira pakati pa zitunda za mchenga, kumene kulibe mtsinje, anthu n'kumamwa madzi a mavwende am'tchire. Kenako kunabwera waya. Anawauza kuti dzikolo ndi la nyama ndi nkhosa. Anabalalika m'mafamu. Akuti chilankhulo chawo chinali chodula lilime, koma mwana akachiyankhula pafamu ankamenyedwa pakamwa. Amayi awo ankangochiyankhula kwa mbuzi, poganiza kuti palibe akumva."

"Iwowa amachitha?" anafunsa Elina.

"Akuti amadziwa mawu oti madzi ndi oti bwera. Enawo anapita ndi agogo."

Elina anakumbukira za Akafula, anthu aafupi amene kwawo amangomveka m'nkhani, oti ankakhala m'mapanga Achewa asanafike. Sanaganizepo kuti angakwatiwe ndi munthu wa mtundu ngati umenewo, n'kumuchapira malaya, osadziwa.

"Akuti amayi awo atadwala anati sakufuna kugona pa dothi la famu ya mzungu. Ankafuna mchenga wa pamene panagona mayi wowabala, agogo aja a ku zitunda. Koma malowo anali atalowa m'famu ina yosungira nyama, kumene olemera amabwera kudzasaka. Mpanda wake wautali, alonda ake a mfuti. Adadi anali mnyamata. Anakwawa pansi pa waya m'mawa, thumba lili m'manja. Azakhali anatsala pamsewu, pansi pa mtengo waminga."

A Magrita anasiya kuyang'ana Thandizo. Ankayang'ana khoma la malata ngati kuti kuseri kwake kuli chipululucho.

"Akuti adadi njira sankaidziwa. Ankangodziwa zimene agogo ananena, kuti pali mtengo wouma wokhala ndi chisa chachikulu cha mbalame, ndipo manda ali kumunsi kwake, mbali yotulukira dzuwa. Dzuwa linakwera. Mchenga unatentha moti azakhali anakwirira mapazi pansi kuti asapse. Kenako anamva mfuti, kamodzi, chakutali. Galimoto ya alonda inabwera, inaima. Mlonda anawafunsa kuti akudikira ndani pamalo popanda munthu. Iwo anati akudikira lifiti. Mlondayo anatsika n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa mpanda, maso ali pansi, kulunjika pamene adadi anakwawira. Akuti mapazi a adadi ankaoneka bwinobwino, ngati olemba ndi chala."

"Ndiye?"

"Akuti kunabwera mphepo. Mlonda asanafike pamalopo, mchenga unali utauluka, mapazi onse atafufutika. Mlonda anatukwana n'kupita. Koma azakhali anayamba kulira, chifukwa mapazi omwewo ndi amene adadi akanatsata pobwerera."

M'chipindamo munali a Ambrose ndi a Millicent, ataima pakhomo.

"Akuti dzuwa litapendeka anaona kanthu kakubwera pamwamba pa chitunda, kakugwa, kakudzuka. Anali adadi, milomo itang'ambika, ali ndi kabudula wam'kati yekha. Thumba linang'ambika paminga, ndiye anavula buluku, anamanga miyendo yake, anadzazamo mchenga n'kulikoleka m'khosi."

Thandizo anaseka, kusekako kunasanduka kulira, napukuta nkhope ndi mkono.

"Akuti mchenga wina anathira m'manda a agogo. Wotsala adadi anabwera nawo ku Joni. Agogo anati aliyense wa ana awo wofera kutali, umenewo ukhale mphasa yake."

"Uwafunse," anatero Elina, mawu ali okhwima, "ngati anapezadi mtengowo."

A Magrita anatambasula manja.

"Akuti adadi anati anaupeza. Iwo sanafunsenso."

Kenako a Magrita analoza pansi pa bedi. A Ambrose ndi amene anakoka chidebe. Anachiika patsogolo pa mlendoyo, anavundukula, n'kubwerera pakhomo, manja ali m'thumba. Elina anayang'anitsitsa nkhope ya a Magrita. Ankadikira kuti mayiyo angoona kamodzi n'kutembenuza nkhope.

A Magrita anapisa dzanja. Anatapa mchenga, nausiya kuti utsike pakati pa zala. Anatapanso, anaununkhiza. Ananyowetsa chala, anachigunditsa mumchenga, nachiika palilime. Anatseka maso. Kenako anawerama mpaka chipumi chinagunda mkombero wa chidebe, nayamba kunong'ona.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Ambrose.

Thandizo anawerama kuti amve bwino. "Akuti ukununkha kwawo. Akuti zikomo alamu, mwatisungira amayi athu."

A Ambrose anapumira m'mwamba, natsinzinira Elina diso. Zinali zitatheka. A Wilemu agona ku Joni.

Elina anayang'ana mayi uja akupsompsona mchenga wa ku Cosmo City, mchenga wosakanizira simenti, wosefedwa ndi neti ya udzudzu. Ankayembekeza kuti mtima ukhala pansi. M'malo mwake unayaka. Mayi ameneyu sanazindikire. Sakanazindikira. Anamulanda dziko, anamulanda chilankhulo, anamulemba dzina la eni papepala, anamulanda mpaka lilime loti n'kulawira dothi la kwawo. Ndiye pamzere wa akubawo, kumapeto kwenikweni, paime Elina wa ku Dedza ndi chidebe chake cha penti?

"Thandizo, uwauze kuti alavule."

"Amama?"

"Uwauze kuti alavule. Umenewo ndi mchenga womangira zimbudzi."

"Mlongo, wapenga?" anatero a Ambrose motsitsa mawu. "Nkhani yatha bwinobwino."

"Yatha kwa inu. Mawa inu mukhala pa sikafodi, mukumanga nyumba zanu. Ine ndi amene ndizipita kumandako n'kumadziwa kuti ndinamugoneka pa bodza. Masulira, iwe Thandizo. Usachotse kanthu. Uwauze kuti weniweniwo ndinaupereka ndine, amayi atsukira mapoto, wapita ku Jukskei. Uwauze kuti mchimwene wawo ndi chitsiru. Munthu ungalowe pakati pa mfuti chifukwa cha mchenga, n'kulephera kutsegula pakamwa kuuza mkazi wako? Ankaopa chiyani? Kuti ndimuseka? Ine amene anthu amanditcha mkwerekwere pa tekisi, ndikanaseka ndani?"

Thandizo anamasulira. Elina anamva kuti pa mawu oti chitsiru mwanayo wadumpha, koma anamuleka.

A Magrita anadzutsa mutu. Anayang'ana chidebe, anayang'ana chala chawo. Sanalavule. Anapukuta lilime ndi nsonga ya mpango, pang'onopang'ono, ndipo manyazi amene anali pankhope pawo Elina sanawaonepo pa munthu wamkulu. Atayankhula, mawu anali ochepa.

"Akuti ndiye kuti anyamula thupi. Akuti si chilango. Akuti pa zonse zimene agogo ananena, chimene iwo anagwira n'chimenechi chokha, ndiye sangachitayenso."

"Ndamva," anatero Elina.

"Wadzipha wekha," anatero a Ambrose, natuluka. A Millicent anawatsatira.

Elina sanalire. Anakoka chikwama chachikulu chamizeremizere, chija amwenye amagulitsa ku tawuni, nayamba kuponyamo katundu wa mwamuna wake. Malaya, jekete la kutchalitchi, lamba, wailesi.

"Atenge zonse. Akavale achibale ake kumeneko. Ine ndisaone kanthu muno."

Kuseri kwa chitseko kunali jumbo imene a kuchipatala anapereka, ya zovala zimene a Wilemu anagwa nazo. Palibe anali ataimasula. Elina anaing'amba. Anaponya ovolosi m'chikwama. Anatenga jombo zakuntchito, zolemera, zachitsulo kutsogolo, naponya imodzi. Inaphonya chikwama, inagunda mwendo wa bedi, n'kugwa chammbali pasimenti.

Kuchokera m'kamwa mwa jomboyo munatuluka kamzere kofiira.

Onse atatu anakayang'ana. Thandizo ndiye anagwada. Anapisa zala m'jombomo, nasolola kachikopa kopondapo kam'kati. Pansi pake panali mchenga, wosalala ngati ufa, wofiira psuu, wotsenderezeka mpaka kuoneka pamene pankakhala chidendene ndi pamene pankakhala zala. Anatenga jombo inayo m'manja mwa mayi ake. Namonso munali chimodzimodzi. Anatapa pang'ono ndi chala nauika pafupi ndi wa m'chidebe. Wa m'chidebe unaoneka wotuwa, wakhakhala, ngati dothi lodwala.

"Ankathira dala," anatero Thandizo. "Onani m'mbalimu, anamata ndi guluu kuti usamatayike."

Elina anakhala pansi pomwe anaima. Ankaona a Wilemu akutuluka m'mawa uliwonse, akutsetsereka London Road, akuwoloka kupita ku Marlboro, matumba paphewa tsiku lonse, pa simenti ya eni, koma phazi lili kwawo.

A Magrita anatenga jombo imodzi naiika pamiyendo. Sanaununkhize mchengawo, sanaulawe. Anangoika dzanja m'katimo n'kulisiya momwemo.

"Uwafunse ngati ukwana," anatero Elina. "Wonsewo sungadzaze ndi kapu yomwe."

Thandizo anafunsa. A Magrita anayankha dzanja lili m'jombo momwemo.

"Akuti sakudziwa. Palibe anawauza kuti umafunika wochuluka bwanji." Thandizo anamvetseranso. "Akuti ngati unamukwanira ali moyo, iwo ndi ndani kuti anene kuti wachepa. Akuti agone kuno. Koma musaukhuthule. Mumuveke momwemu."

A Ambrose anali atabwerera pakhomo, ndipo anamva. Anapukusa mutu.

"Mlongo, jombo m'bokosi? Anthu akaona ati chiyani? Kwathu maliro sitiika ndi nsapato."

Elina anabwezera kachikopa kaja m'jombo, anakatsendereza ndi chala chachikulu m'mbali monse. Ndi chikhatho anasesa kamzere kofiira kanatayika pasimenti, mpaka kambewu komaliza, nathira m'katimo. Kenako anatenga nsonga ya chitenje chake n'kuyamba kupukuta fumbi la shuga pamphuno pa jomboyo.

"Sanali wa kwanu," anatero. "Thandizo, tapita ukabwereke polishi."